Pecos: Mudzi wa M'mbali mwa Njira

Munthu amene wamanga nyumba yake m'mbali mwa njira sasankha alendo. Wamalonda, wopempha madzi akumwa, wachifwamba ndi wodwala nthenda yopatsirana, onsewo amaodira pakhomo limodzimodzi. Mbiri ya mudzi wa Pecos, umene mabwinja ake ali m'chigawo cha New Mexico kummwera chakumadzulo kwa dziko la United States of America, ndi mbiri ya anthu amene adalemera chifukwa cha njira, ndipo njira yomweyo idawatha.

Malowa ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda wa Santa Fe, ndipo boma limawasunga pa dzina loti Pecos National Historical Park. Mlendo akatsika galimoto, chimene chimayamba kumulonjera ndi mphepo yochokera ku mapiri a Sangre de Cristo, pakuti dera lonseli ndi lokwera mamita oposa 2,000. Kuchoka pa nyumba yolandirira alendo pali kanjira ka makilomita awiri kamene kamazungulira kamtunda kamiyala, kowonda koma kakatali. Poyamba munthu amagwa ulesi. Saona nyumba zazitali ayi, koma milu ya dothi yomera udzu, makoma a miyala olekeza m'chiuno, ndi chigoba cha tchalitchi cha dothi lofiira chopanda denga. Koma akaima pamwamba pa kamtundako n'kumwaza maso, amazindikira chimene eni ake adakondera malowa. Kumpoto kwatchinga mapiri aatali. Kummwera kwatchinga chitunda chachikulu chaphedi, chosalala pamwamba ngati thebulo. Pakati pa ziwirizi pali mpata, wotchedwa Glorieta. Munthu wochokera ku zidikha zazikulu za kummawa, pofuna kukafika ku chigwa cha mtsinje wa Rio Grande kumadzulo, njira yake yapafupi idali yomweyi.

Eni dziko la America, amene Azungu adawatcha Amwenye poganiza kuti afika ku India, sadali mtundu umodzi. Ena adali alenje oyendayenda, otsata magulu a njati za kumeneko. Ena adali alimi okhazikika, omanga nyumba za miyala ndi dothi, ndipo amenewa Aspanya adawatcha "pueblo," mawu a m'chinenero chawo otanthauza mudzi. Anthu a ku Pecos adali a gulu lachiwirili. Ankalima nyemba, maungu ndi chimanga, mbewu imene ife timaiyesa ya makolo athu chikhalirecho kwawo ndi ku America komweko. Cha m'ma 1100 adayamba kumanga timidzi m'chigwa cha mtsinje wa Pecos, ndipo pofika cha m'ma 1450 timidzi tonseto tidali titasonkhana pa kamtunda kamodzi kaja. Mudziwo dzina lake lakale lidali Cicuye, ndipo chinenero chawo chidali Chitowa.

Sudali mudzi wamasewera. Nyumba zake zidali zosanjikizana kanayi kapena kasanu, zipinda mazanamazana zolumikizana, zonse zozinga bwalo lalikulu. Zipinda zapansi zidalibe makomo akunja. Munthu ankakwera pa makwerero, ndipo adani akaoneka makwererowo ankangowakokera m'mwamba, mudzi wonse n'kusanduka linga. Munkakhala anthu pafupifupi 2,000. Pedro de Castañeda, mmodzi mwa Aspanya oyamba kuuona, adalemba kuti udali ndi ankhondo 500 ndi kuti eni ake ankadzitama kuti palibe adawagonjetsapo.

Mlendo wa lero amaloledwa kutsikira m'chipinda chimodzi kapena ziwiri zimene zidakonzedwanso, zotchedwa kiva. Kiva ndi chipinda chozungulira chokumbidwa pansi, ndipo khomo lake lili padenga. Ukatsika pa makwerero, phokoso la mphepo limangoti zii, kuwala n'kumalowera pakhomo lokhalo. Pansi pali malo osonkhapo moto ndi kadzenje kakang'ono kokumbutsa kumene, malinga ndi chikhulupiriro chawo, anthu oyamba adatulukira pobwera m'dziko lino. M'zipinda zoterezi ndimo akuluakulu ankapempherera mvula, kulanga anyamata ndi kukambirana za mudzi. Ku Pecos zidalipo zoposa 20.

Komatu chuma cha mudziwu sichidali m'minda mokha. Chakummawa, kunsi kwa kamtundako, kuli dambo lotakasuka limene alendo ambiri amangolipitirira osaliyang'ana kawiri. Apa ndiye padali msika. Nthawi yokolola, Aapache ochokera ku zidikha ankafika ndi agalu awo okoka katundu pa mitengo iwiri, popeza akavalo adali asanafike m'dzikomo, n'kumanga mahema a zikopa m'dambomo. Ankabweretsa zikopa za njati, nyama yofutsa, miyala yosulira mipeni ndi mivi, ngakhalenso akapolo. Kuchokera kumadzulo kunkabwera chimanga, nsalu za thonje, mbiya ndi miyala yobiriwira yopangira mikanda. Anthu a ku Pecos adali pakati, kugula uku n'kugulitsa uko. Mpanda waufupi wa miyala wozungulira mudzi, umene ukuonekabe, sukadatha kutsekereza munthu wofunitsitsa kuudumpha. Udali malire chabe, ouza mlendo kuti malonda ndi apabwalo, ndipo dzuwa likalowa aliyense agone kwake.

Alendo a mtundu wina adatulukira m'chaka cha 1540. Francisco Vázquez de Coronado adachoka ku Mexico ndi gulu lalikulu la ankhondo kudzafuna mizinda ya golide imene adaimva mbiri. Ali kwa Azuni, kutali kumadzulo, kudafika nthumwi zochokera ku Cicuye zitanyamula mphatso za zikopa ndi zishango. Mtsogoleri wawo Aspanya adamutcha Bigotes chifukwa cha ndevu zake za pamlomo. Amalonda enieni sadikira kuti mlendo awapeze. Amapita kukamuona kuti adziwe chimene wanyamula ndi chimene akufuna. Bigotes adatsogolera kapitawo wina, Hernando de Alvarado, mpaka kumudzi kwawo, kumene adalandiridwa ndi ng'oma ndi zitoliro.

Ubwenziwo sudakhalitse. M'mudzimo mudali kapolo wochokera ku zidikha, amene Aspanya adamutcha El Turco. Iyeyu adayamba kusimba za dziko lotchedwa Quivira, kumene ati ngakhale mbale zodyera zidali za golide, ndipo adanenanso kuti Bigotes adamulanda chibangili chagolide. Bigotes adakana kuti sadaonepo chinthu chotero, koma adamangidwa unyolo ndi kulumitsidwa agalu. M'chaka cha 1541 Coronado adatsata El Turco kudutsa zidikha mpaka kudera limene lero ndi Kansas. Kumeneko adapeza nyumba zaudzu ndi minda ya chimanga basi. Atamupanikiza, El Turco adaulula kuti anthu a ku Cicuye ndiwo adamutuma kuti akasocheretse alendowo m'chipululu kuti akafe ndi njala, iwo ndi akavalo awo. Adamupha pomupotokola khosi. Kaya kuululako kudali koona kaya kudali kwa munthu wofuna kuti mazunzo athe, nzeru yake ndi yomveka: mlendo woopsa amene sungathe kumugonjetsa, muonetse njira yaitali.

Padapita zaka zoposa makumi asanu Aspanya asanabwere kudzakhazikika. Juan de Oñate adafika ndi atsamunda m'chaka cha 1598, ndipo pambuyo pake padabwera ansembe a chipani cha Fransisko Woyera. Wodziwika kwambiri ku Pecos ndi Andrés Juárez, amene adakhalako zaka pafupifupi khumi ndi zitatu kuyambira cha m'ma 1621. Iyeyu ndiye adayang'anira ntchito yomanga tchalitchi cha Nuestra Señora de los Ángeles, chimene chidatha cha m'ma 1625. Chidali cha mamita oposa 40 m'litali, ndipo chidadya zidina pafupifupi 300,000, chidina chilichonse cholemera makilogalamu 18. Wowerenga aime kaye n'kuganizira manja amene adaponda dothi limenelo, kuliumba, kuliyanika ndi kulisenza. Sadali manja a ansembe.

Si chilungamo kunena kuti Aspanya sadabweretse kanthu kabwino. Adabweretsa tirigu, nkhosa, akavalo ndi zida zachitsulo, ndipo amuna a ku Pecos adaphunzira ukalipentala mpaka kutchuka nawo m'chigawo chonse. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo komweko kadawacheka. Banja lililonse linkakhoma msonkho wa chimanga ndi nsalu kapena chikopa kwa mtsamunda amene adapatsidwa mudziwo, pamwamba pa thangata wa kutchalitchi. Miyambo ya m'kiva idaletsedwa, ndipo zifanizo zopatulika zidaphwanyidwa. M'zaka za m'ma 1660 ndi 1670 kudagwa chilala ndi njala, ndipo Aapache, amene kale ankabwera kudzagula chimanga, adayamba kubwera kudzalanda. M'chaka cha 1675 bwanamkubwa wa Aspanya adamanga atsogoleri achipembedzo 47 a m'midzi yosiyanasiyana powaganizira za ufiti. Ena adanyongedwa, otsalawo adakwapulidwa pagulu. Mmodzi mwa okwapulidwawo adali Popé.

Popé ndiye adachita chimene chidali chisanachitikepo: kugwirizanitsa midzi yolankhula zinenero zosiyana, yotalikirana makilomita mazanamazana. Anyamata othamanga adatumidwa ndi zingwe zomanga mfundo, kuti mudzi uliwonse uzimasula mfundo imodzi patsiku, ndipo tsiku la mfundo yotsiriza likhale tsiku lodzuka. Pa 10 Ogasiti 1680 moto udabuka. Aspanya pafupifupi 400 adaphedwa, kuphatikizapo ansembe 21, ndipo otsala adathawira kummwera ku El Paso. Ku Pecos tchalitchi chachikulu chija chidatenthedwa ndi kugwetsedwa. M'kati mwa mabwinja a nyumba ya ansembe muli kiva mpaka lero. Ambiri amati idakumbidwa nthawi imeneyi ngati chizindikiro choti eni nthaka atenganso malo awo, pamene akatswiri ena amati ansembe okha ndiwo adaimanga kale kuti aziphunzitsiramo.

Tchalitchi chimene mlendo amaona lero si chimenecho ayi. Ndi china chaching'ono chimene chidatha m'chaka cha 1717, chomangidwa pamwamba pa bwinja la choyambacho. Kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankayesa kuti wansembe Alonso de Benavides, amene mu 1630 adatamanda kukula ndi kukongola kwa tchalitchi cha Pecos, ankangokokomeza kuti akondweretse mfumu ya ku Spain. Mu 1967 mayi wina wofukula zakale, Jean Pinkley, adapeza maziko aakulu pansi pa dothi, ozungulira tchalitchi chaching'onocho. Benavides sadaname. Mazikowo akuoneka lero, ndipo chigoba chimene chaimacho chikukhala m'kati mwake ngati mwana wovala malaya a bambo wake.

Ufulu wa midzi udatha zaka khumi ndi ziwiri. Diego de Vargas atabwerera mu 1692, anthu a ku Pecos adagawanika. Ena adati ndi bwino kugwirizana ndi Aspanya kusiyana ndi kulimbana okha ndi adani a ku zidikha, ndipo adatumiza ankhondo kukathandiza Vargas kulanda Santa Fe mu 1693. Ena adakaniratu. Mu 1696 mfumu ya mudziwo, Felipe Chistoe, idapha atsogoleri a gulu lokanalo, anthu a mudzi wake womwe. Ine ndimaona kuti bala limeneli lidali loopsa kuposa mabala onse a mfuti, chifukwa mudzi umene kale unkakokera makwerero m'mwamba poopa akunja tsopano udali ndi mdani m'chipinda choyandikana nacho.

Zotsatira zake zidabwera motsatizana. Akomanchi, okwera akavalo oopsa, adathamangitsa Aapache ku zidikha n'kuyamba kuthira nkhondo Pecos, kotero kuti kupita kumunda kudasanduka kuika moyo pachiswe. Nthomba, imene idayenda ndi apaulendo monga ankayendera malonda, idasesa anthu mu 1780 ndi 1781. Pofika zaka zimenezo adatsala osakwana 300. Mu 1786 bwanamkubwa Juan Bautista de Anza ndi mfumu ya Akomanchi, Ecueracapa, adapangana za mtendere pa Pecos pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti mtenderewo ndiwo udamaliza mudzi. Nkhondo itatha, Aspanya sadaopenso kukakhala chakummawa. Mu 1794 adayambitsa mudzi wa San Miguel del Vado kunsi kwa mtsinje, ndipo msika udasamukira kumeneko. Ena adayamba kulowerera minda ya anthu a ku Pecos. Khomo la dziko lidali litasuntha, ndipo mlonda wa pakhomo lakale adatsala wopanda ntchito.

Tsono taonani mmene zinthu zimakhalira. Nthawi yomwe mudzi unkafa ndi imene njira yodutsa pambali pake idatchuka kuposa kale lonse. Mu 1821 dziko la Mexico lidalandira ufulu kuchoka m'manja mwa Spain, ndipo lamulo loletsa malonda ndi anthu akunja lidatha. M'chaka chomwecho William Becknell adanyamuka ku Franklin m'chigawo cha Missouri ndi katundu pamsana pa ziweto, n'kufika ku Santa Fe m'mwezi wa Novembala. Adapindula kwambiri kotero kuti chaka chotsatira adabwereranso ndi ngolo. Umu ndimo idayambira njira yotchedwa Santa Fe Trail, ya makilomita pafupifupi 1,400, ulendo wa miyezi iwiri. Ngolo zokokedwa ndi ng'ombe kapena nyulu zinkapita ndi nsalu, mipeni, singano, magalasi ndi zida zina, n'kubwerera ndi ndalama zasiliva, ubweya ndi nyulu. Mikombero yake idakumba nthaka kotero kuti m'malo ena a pakiyi mikwasa yake ikuonekabe, ngati makwawa osaya omera udzu. Ngolo zonsezo zinkadutsa poonekera kwa anthu a ku Pecos, koma palibe chimene zinkawasiyira.

Mu 1838 otsala, anthu pafupifupi 20, adalongedza zinthu zawo zopatulika n'kuyenda makilomita pafupifupi 130 kupita ku Jemez, mudzi wokhawo umene unkalankhula Chitowa ngati iwo. Chithunzi cha Maria chimene chinkakhala m'tchalitchi chawo chidasungitsidwa kwa Akatolika a m'mudzi wapafupi, ndipo mpaka lero, chaka ndi chaka m'mwezi wa Ogasiti, chimabwezedwa ku bwinjalo kuti Misa ichitikire pomwepo.

Apaulendo a pa Santa Fe Trail adapeza nyumba zopanda anthu, ndipo monga mwa chizolowezi cha odutsa, adadzipezera okha zifukwa. Josiah Gregg, m'buku lake la 1844 lotchedwa Commerce of the Prairies, adalemba mphekesera zimene zinkamveka: zoti anthuwo adatha mphamvu posonkhezera moto wopatulika umene sunkayenera kuzima, ndi zoti ankaweta chinjoka chimene chinkadya makanda awo. Nthano zotere zimakoma pamoto usiku, ndiponso zili ndi ubwino wina kwa wozisimba: sizitchula msonkho, nthomba kapena minda yolandidwa. Bwinja lenilenilo adaligwiritsa ntchito. Martin Kozlowski, wochokera ku Poland, amene adatsegula malo opumulirapo apaulendo chapafupi mu 1858, adazula mitanda ya tchalitchi kukamangira nyumba zake.

Asilikali nawonso adadzera momwemo. Mu Ogasiti 1846 Stephen Kearny adadutsa ndi gulu lankhondo la United States n'kulanda Santa Fe popanda kuwomba mfuti, ndipo mu 1848 dera lonseli lidachoka m'manja mwa Mexico. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, asilikali a zigawo za kummwera ochokera ku Texas adafuna kudutsa pa mpatawu kuti akalande migodi ya golide ya ku Colorado. Nkhondo idachitika pa Glorieta kuyambira pa 26 mpaka pa 28 Malichi 1862. Pabwalo lankhondo a ku Texas adaoneka opambana, koma gulu lina la asilikali a kumpoto, lotsogozedwa ndi John Chivington ndipo lolondoleredwa njira ndi Manuel Chávez, lidakwera chitunda chija n'kutsikira kumbuyo kwawo, kumene lidatentha ngolo pafupifupi 80 za chakudya ndi zida. Opambanawo adabwerera kwawo ndi njala. Chivington yemweyu, ngwazi ya pa Glorieta, ndi amene mu 1864 adatsogolera kupha amayi ndi ana a mitundu ya Cheyenne ndi Arapaho pa Sand Creek. Njanji itafika mu 1880, ngolo zidaleka kuyenda, ndipo lero sitima ndi msewu waukulu wa Interstate 25 zimadutsa pa mpata womwewo.

Mlendo wotsiriza amene tiyenera kumutchula adabwera ndi fosholo. Alfred Kidder adafukula bwinjali kuyambira 1915 mpaka 1929. Chimene chidamukopa ndi dzala. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankataya phulusa, mafupa a nyama ndi mapale kutsetse kwa kamtundako, mpaka dzalalo lidazama mamita angapo. Kidder adalidula monga mmene munthu amadulira mkate, n'kuona kuti mapale apansi ndi akale kuposa apamwamba, ndi kuti kakongoletsedwe ka mbiya kankasintha m'badwo ndi m'badwo. Potero adapeza njira yodziwira zaka za mabwinja ena a m'chigawo chonsecho, ndipo pa msonkhano umene adaitanitsa pa Pecos mu 1927 akatswiri adagwirizana za kagawidwe ka nyengo za mbiri ya anthu a pueblo. Idali ntchito yaikulu ndithu. Koma m'dzalamo mudalinso manda. Mafupa a anthu pafupifupi 2,000 adafukulidwa n'kutumizidwa ku nyumba yosungiramo zakale ya Peabody pa yunivesite ya Harvard, kumene adakhala akuyezedwa ndi kuwerengedwa kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Ofukulawo ankaona ngati bwinjalo lilibe mwini.

Eni ake adalipo. Zidzukulu za anthu aja a 1838 sizidaiwale kwawo, ndipo mu 1936 nyumba ya malamulo ya United States idavomereza kuti Pecos ndi Jemez ndi mtundu umodzi. Bwinjalo lidayamba kutetezedwa ndi boma lalikulu mu 1965, ndipo mu 1990 malowo adakulitsidwa n'kuphatikizapo bwalo la nkhondo ya Glorieta. M'chaka chomwecho cha 1990 mudakhazikitsidwa lamulo lolamula nyumba zosungiramo zakale kubweza mafupa ndi zinthu zopatulika kwa mitundu imene zidachokera. Akuluakulu a ku Jemez adakambirana ndi a ku Harvard kwa zaka zingapo.

M'mwezi wa Meyi 1999 chigalimoto chachikulu chidanyamuka ku Massachusetts chitanyamula mafupawo. Nthawi yomweyo anthu a ku Jemez, akulu ndi ana omwe, adanyamuka wapansi, kutsata njira imene makolo awo adayenda mu 1838, koma molowera kummawa. Adayenda masiku atatu, kugona panjira. Pafupi ndi bwinjalo adakumana ndi chigalimotocho, ndipo khamu la anthu lidachiperekeza pang'onopang'ono mpaka pa manda amene adakonzedwa m'nthaka ya Pecos. Ataika maliro, adabwerera ku Jemez, kumene Chitowa chikulankhulidwabe, ndi kumene mmodzi mwa atsogoleri a mudzi amatchedwa bwanamkubwa wa Pecos mpaka lero.